Kagalimoto Kanu Kasungunuka, Amayi

Amayi,

Kodi kumeneko mukugona bwanji, mukudzuka bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa? Ndine Halima wanu. Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Kanyama, mu Lusaka muno, mapazi ndasanjika pa njerwa chifukwa madzi a mvula afikanso pakhomo monga amachitira chaka ndi chaka. Ashehe atamva kuti ndikulembera kalata munthu amene tinamuika kale m'manda akhoza kundiitanira pemphero la dua, koma ine ndilibe wina womuuza. Munkanena kuti nkhani yoipa sauza munthu ali chiimire. Ndiye khalani pansi kaye, ndiyambe ndi zabwino.

Ndinachira bwino. Mimba imene munandisiya nayo ija inabala mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Asiyatu. Watenga mphuno yanu ndi ukali wanu womwe, akafuna bere sapempha kawiri. Mkamwini wanu akadali pa makina ake osokera, kungoti masiku ano anthu sasoketsanso zatsopano. Amangobwera kudzachepetsa zovala zakale zochokera kunja, zimene kuno tikuzitcha salaula. Inenso ndikugulitsa zomwezo pamsika, ndiye masana ndimapha ntchito ya mwamuna wanga, madzulo n'kudyera naye mbale imodzi. Kamunda kanu ka m'mbali mwa ngalande kanatipatsa dengu limodzi la chimanga chaka chatha, chaka chino kamira. Mpapaya wanu unagwa ndi mphepo, unaphwanya lata la bafa. Ufa ukungokwera mtengo, ndipo kuchipatala tsopano safunsa kaye pamene pakupweteka, amayamba afunsa ngati walipira.

Zabwino zathera pamenepo. Amayi, Asani wasowa. Mwana wanu womaliza anatuluka pakhomo pano mvula isanayambe, ndipo mpaka lero sanabwerere. Palibe amene akudziwa kumene ali. Ndikufotokozerani mmene zinayendera kuyambira pachiyambi, chifukwa nkhani yake ikukhudza katundu wanu.

Mukukumbukira bokosi lija munabwera nalo kuchokera kwa adona kumene munkachapa, iwo akulongedza kubwerera kwawo? Ife tinathamangira poganiza kuti muli mabisiketi. Kutsegula, tinapeza tizidutswa ta pulasitiki tolumikizana pa timitengo, ndipo pachivundikiro panali chithunzi cha galimoto yachikale ya ku Amereka: denga lotsika, mawilo akumbuyo onenepa, injini yonse ili panja, m'mbali atajambula malawi a moto. Ine ndinati galimoto yanji yoyenda yosavala malaya, n'kubwerera kokasewera. Asani, amene nthawi imeneyo anali asanamalize pulayimale, anakhala nalo pansi bokosilo mpaka analumikiza. Guluu analibe, ankatenthetsa msomali pa mbaula n'kumawotcherera. Anamaliza ndi kukapaka penti yobiriwira yotsala ya chitseko, yolimba ngati phala. Mawilo awiri anapindika ndi moto, tizidutswa ta injini tinatsalira m'bokosi chifukwa sanadziwe pokaika.

Kunena zoona, Amayi, kanali koipa kagalimoto kaja. Koma inu munakaika m'kabati yagalasi pakati pa makapu a alendo, ndipo mlendo aliyense ankayamba wakaona asanalawe tiyi. Munkati, “Wapanga ndi mwana wanga, ameneyu adzadya za manja ake.” Ife ana tikayerekeza kutsegula kabatiyo, chikoti. Ndipo mawu anu anapherezera. Munamuona nokha akuvala ovolosi ku kampani ya boma ya mabasi, akupopera penti mabasi athunthu, akubwera Loweruka ndi shuga wanu ndi sopo, zikhadabo zili ndi mtundu wa basi imene wapenta sabata imeneyo.

Titangokuikani, kampani ija anaitseka. Atseka zambiri, zina agulitsa, ndipo amuna amene munkawaona akuthamangira basi ya m'mawa tsopano ali pansi pa mitengo kusewera nsolo. Asani poyamba analimba mtima. Ankadzuka m'mamawa, mapepala ake ali m'jumbo, kuzungulira mageti a makampani. Geti lililonse ankapeza anzake atafika kale. Kenaka analeka kumeta ndevu. Kenaka analeka kupita kumzikiti. Tsiku lina ndinamununkhiza, ndipo ndinadziwa kuti mwana wanu, inu Abiti Saidi, wayamba kachasu. Mkazi wake, mlamu wanga Mwaka, anapirira mpaka pamene anathera, n'kutenga mwana kubwerera kwa makolo ake ku Garden. Sindimuda, inenso ndikanatero. Nyumba ya lendi ku Matero anamutulutsa, ndiye anabwera kudzagona m'chipinda chanu, pa mphasa, chifukwa bedi lanu ankaliopa.

Pa sadaka yanu, amalume Che Jafali pogawa katundu wanu, ine ndinatenga mapoto ndi zitenje. Atamufunsa Asani chimene akufuna, analoza m'kabati. Amalume anaseka, akuti munthu wa ndevu kulirira chidole pamene pali wailesi. Anamupatsa, koma iye sanakatulutse m'kabatimo. Kanakhala momwemo miyezi yonse imene iye ankamira.

Ndiye mnzake wina wa kuntchito kuja anamuuza za galaja ina cha ku Kamwala. Maminibasi adzaza mu Lusaka muno, Amayi, akubwera akalekale kuchokera kunja, ndipo eni ake akufuna opaka penti. Asani anasamba, anabwereka shati ya mkamwini wanu n'kupita. Mwini galajayo, bambo wina wamimba dzina lake Ba Sikazwe, sanawayang'ane n'komwe mapepala aja. Akuti anati, “Mapepa aliyense ali nayo, mudala. Nibweretsereni chinthu chamene mwapenta na manja yanu, nione.”

Nanga ndani angapereke galimoto yake kwa munthu amene Kanyama yense akumudziwa kuti amagona m'ngalande? Ine ndinati basi zathera pomwepo. Koma iye atabwera anapita molunjika ku kabati, n'kutsegula.

“Ba sisi, motoka nili nayo.”

“Iti?”

“Iyi ya amayi.”

Ndinaseka mpaka mwana anasiya bere. Ndinati, “Iwe Asani, mutu ukuyenda bwino? Minibasi ndi kachidole n'zofanana?”

Iye osaseka. Anati, “Penti ni penti, ba sisi. Pa basi ungabise vinthu vambiri. Pa kanthu kang'ono so sungabise, manja yako yonse yaonekera.”

Kuyambira tsiku limenelo, Amayi, mwana wanu sanalawenso kachasu. Ndikanakonda mukanamuona. Anayala thumba pakhonde pano, n'kukang'amba kagalimotoko ndi lezala m'malo onse amene anawotcherera ali mwana. Penti yobiriwira ija anaipala ndi sandipepa yosalala, akuviika m'beseni la madzi, pang'onopang'ono, mpaka pulasitiki yoyera inaonekera. Mabala a msomali anawatseka ndi fila, phala lija amamatira magalimoto ophwanyika, n'kupalanso. Ankatseka maso n'kumayendetsa chala pamwamba pake, akati pali kabampu, ine kuyang'ana osaona kanthu. Ndikamuitana kudzadya ankati, “Nibwera,” chakudya mpaka kuzizira. Ine ndinkakalipa pakamwa pokha, mumtima ndikuthokoza Mulungu.

Sanafune kungokabwezera mmene kanalili. Anati pachithunzi paja azungu anachita mantha, denga silinatsike mokwanira. Anadula mizati ya denga ndi kachidutswa ka sowo, n'kulitsitsa mpaka mawindo anatsala ngati maso a munthu watulo. Mapaipi a utsi anadula ku eriyo ya wailesi yakufa, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, onse opindika mofanana. Galasi la kutsogolo anasema ku chikesi cha kaseti. Pofuna zonyezimira ankayenda m'matebulo a ogulitsa fodya kupempha timapepala tasiliva ta m'mapaketi, n'kumatisalaza ndi msana wa supuni. Tizidutswa ta injini timene tinamukanika ali mwana anatipeza tili m'bokosi momwe munatisungira, m'kansalu komanga mfundo, ndipo ulendo uno anadziwa malo a kalikonse. Anaikamo ngakhale timawaya ta mapulagi. Pa mipando anandipempha mpango wanu wofiirira uja. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinamudulira kam'mphepete.

Ovuta anali mawilo. Awiri opindika aja sakanatheka kuwongoka, ndiye ankayenda wapansi mpaka ku Chunga, kumene magalimoto amakataya zinyalala za tauni yonse, kukafukula zidole zothyoka za ana a anthu olemera. Ankabwera akununkha utsi, mapazi oyera ndi phulusa, m'thumba muli mawilo osayenerera. Awa ang'ono, awa ngopyapyala, awa ngabwino koma ndi limodzi. Amayi otola mabotolo kumeneko anamuzolowera mpaka anamutcha Ba Mawilo, ndipo akapeza kawilo ankamusungira. Tsiku limene anapeza awiri ofanana, onenepa bwino, analowa m'nyumba muno akuimba mluzu. Ndinali nditaiwala kuti Asani amaimba mluzu.

Lachisanu lina ndinangoona wavala mkanjo wa malemu bambo, ulendo kumzikiti. Lamlungu anapita ku Garden kukaona mwana wake, ndipo pobwera anandiuza kuti Mwaka wati ntchito ikapezeka abwerera. Anayamba kudya, masaya anabwerera. Munkakonda kutiuza kuti sunga khosi, mkanda uoneka. Ine ndinayamba kukhulupirira kuti wa Asani waoneka, ndipo ndinauza mkamwini wanu kuti ayambe kufunsafunsa kachipinda ka lendi ka anthu atatu.

Inatsala penti yokha. Mnzake uja anamupatsa zotsala m'zitini, yofiira ndi yachikasu, penti yeniyeni ya magalimoto, pamodzi ndi botolo la thina, mankhwala onunkha aja osungunulira penti. Ba Tembo, okonza mafiriji kuseri kwathu kuno, anamubwereka kompuresa ndi mfuti yopopera. Asani anandiuza kuti wopenta weniweni sayambira pa galimoto, amayamba wayesa mkono pa chitsulo china. Anatola chitseko cha sitovu yakufa pabwalo la Ba Tembo, anachipala, n'kuchipopera yofiira. Itauma anamata tepi, anadula malawi ndi lezala popanda kujambula kaye, n'kupopera yachikasu. Atamatula tepiyo, Amayi, ine ndinadziona nkhope pa chitseko cha sitovu, ndi mpango womwe. Malawi aja ankaoneka ngati ukawagwira upsa. Iye anangogwedeza mutu n'kuti mfuti ili bwino, mawa tipenta motoka.

Kunacha bwino tsiku limenelo, kopanda mphepo. Anawaza madzi pabwalo lonse la Ba Tembo kuti fumbi ligone, anapachika masaka mbali zitatu, anamanga kansalu kumphuno. Mbiri inali itamveka, ndiye anthu anadzaza kumpanda: amayi a pampopi ndi zidebe zawo, anyamata ogulitsa makaseti, ngakhale amalume Che Jafali amene ankaseka aja. Injini, mipando ndi mawilo anali atamangirira kale, n'kuziphimba bwinobwino ndi tepi ndi nyuzipepala. Anakaimika kagalimotoko pa njerwa, anati Bisimila, n'kuyamba.

Anadutsa koyamba mopepuka. Anadikira pang'ono, n'kudutsanso kachiwiri, penti yambiri yonyowa, monga ankachitira pa mabasi kuti iwale. Ndipo inawala, Amayi. Kwa kanthawi kochepa kagalimoto kanu kanali chinthu chokongola kuposa chilichonse chimene ndinachionapo mu Kanyama muno. Mayi wina analuluta. Asani anatsitsa kansalu kaja, ndipo ndinaona mano ake onse.

Kenaka pa chitseko cha kagalimotoko panayamba makwinya, ngati pamwamba pa mkaka wowiritsa. Anafalikira pa denga. Mizati ija anaidula n'kuilumikiza inayamba kugwada, denga n'kumatsika lokha, mbali imodzi. Asani anaganiza kuti penti yachuluka ikuyenderera, ndipo anachita zimene wakhala akuchita zaka zonse penti ikalakwika pa basi: anaviika nsanza mu thina kuti apukute ayambirenso. Nsanzayo inakakamira. Poikoka, chitseko chonse chinabwera nayo, chikutamuka ngati therere. Anayesa kugwira denga kuti aliwongole, zala zake zinalowa. Mmene ankachotsa dzanja n'kuti patatsala chibulumwa chofiira chokhala ndi mawilo.

Ena anaseka, mukudziwa anthu. Ena anatola zidebe zawo mwakachetechete. Ba Tembo anayandikira n'kuti, “Mudala, iyo ni pulasitiki. Thina imadya pulasitiki.” Nzeru zobwera maliro atatuluka kale. Asani anayang'ana zala zake nthawi yaitali, kenaka anati, “Zaka zonse izi napenta visulo chabe. Sininaganizeko.”

Chimene chinandiopsa si kulira, chifukwa sanalire. Anakhala pansi n'kumasula mfuti ya Ba Tembo kachidutswa ndi kachidutswa, anaitsuka mpaka inayera, anaimanganso, anapinda paipi ya kompuresa, anachotsa masaka, n'kuthokoza mwaulemu. Chibulumwa chija anachikulunga m'nyuzipepala. Titafika kunyumba ndinamuikira chakudya, iye anangokhala pa mpando wanu, phukusilo lili pamiyendo.

Anati, “Ba sisi, amayi anasunga iyi motoka zaka zingati? Makoswe, manzi kungena mu nyumba, kukuka kuchoka ku Chawama, sinaonongeke. Ine tsiku imodzi chabe.”

Ndinati, “Iwe, ndi pulasitiki chabe imeneyo. Amayi anasunga iweyo, osati chidole. Idya, tiganiza zina.”

Anati, “Ndiye motoka yoyamba yamene ninapanga.” Anaimirira, phukusi kukhwapa. “Nibwera manje manje.”

Dzuwa linali paliwombo. Ndinamuona akukhota pa mpopi, akulambalala amayi otunga madzi. Ndinaganiza kuti wapita kokamwa, ndipo mumtima ndinati amwe lero lokha, mawa ndikamutenga. Mawa lake ndinazungulira nyumba zonse za kachasu zimene ndinkamutolako kale. Onse anati Asani anasiya kubwera kalekale.

Patapita masiku angapo Ba Tembo anabwera ndi chitseko cha sitovu chija, akuti chikuwapweteka mtima kuchiona pabwalo. Ndinachiyang'ana, kenaka ndinabereka Asiyatu, ndinakulunga chitsekocho m'chitenje, n'kusenza mpaka ku Kamwala. Pageti la galaja panali amuna ambiri, ena ndinawadziwa, anzake a Asani a kumabasi. Ndinadutsa pakati pawo ngati wogulitsa zitumbuwa. Ba Sikazwe anachitenga, anachipendeketsa padzuwa, anayendetsa kuseri kwa chala pamwamba pa malawi aja kufuna pamene yachikasu yakumana ndi yofiira, osapapeza. Anaitana anyamata ake kuti adzaone. Kenaka anati, “Ali kuti uyu munthu? Abwere mailo, ovolosi nizamupasa ine.”

Amayi, ntchito inapezeka. Inali itagona pabwalo la Ba Tembo tsiku lomwe lija, pafupi ndi mapazi ake, iye maso ali pa kagalimoto. Ndinawanamiza Ba Sikazwe kuti mawa sangathe, akudwala malungo, abwera akachira.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda. Tebulo langa la salaula ndinasiyira mnzanga. Ku Garden sanafikeko, ndipo Mwaka atamva anakhala pansi pafumbi, tsopano amabwera kuno ndi mwana Lamlungu lililonse kudzandifunsa ndi maso. Ku Matero kulibe. Kupolisi analemba dzina, n'kundifunsa ngati ndili ndi galimoto yoti tikamufunire. Kuchipatala ndinayenda bedi ndi bedi m'chipinda cha amuna, ndipo odwala achuluka masiku ano moti ena agona pansi, onse owonda mofanana, umachita kuwerama kuti uone nkhope. Ndinalowanso kuchipinda chozizira kumene amasunga mitembo yopanda abale. Mkamwini wanu anandiletsa, akuti woyamwitsa salowa kumeneko, koma ndinalowa. Sindinkayang'ana nkhope, ndinkayang'ana manja, chifukwa penti ija sichoka msanga m'zikhadabo. Sindinamupeze, ndipo potuluka sindinadziwe ngati ndithokoze kapena ndilire.

Ku Chunga ndiye kokha kumene ndinamva kanthu. Mayi wina wotola mabotolo nditangomufotokozera anati, “Ba Mawilo? Anabwera, manja yofiira monga apaya mbuzi. Ninabasungila kawilo, anakana. Anankhala chabe paja pa chulu mpaka zuba kungena, mailo yake sitinabaone.” Ndinamufunsa kuti analowera kuti, analoza uku, n'kulozanso uko. Ndinakwera pa chulupo, ndinaona utsi ndi akhwangwala basi.

Kwatsala malo amodzi amene sindinapiteko. Mukuwadziwa maenje aja kuseri kwa Kanyama, kumene anthu amaswa miyala. Mvula yawadzaza mpaka pakamwa, madzi ake obiriwira, ndipo chaka chilichonse amabweza munthu mmodzi kapena awiri madzi akaphwa. Ndikamapita kumsika ndimazungulira njira yaitali kuti ndisawaone. Ndili ndi mantha, Amayi. Usana ndimayenda, ndimafunsa, ndimakalipira anthu, koma mantha sandichoka, ndipo mkaka wayamba kuchepa.

Amalume Che Jafali akuti tapirira mokwanira. Akuti tiitane ashehe, tiphike mpunga, timuchitire dua monga munthu amene anapita, kuti Mwaka amasuke ndi mwana adziwe poima. Ine ndakana. Ndawauza kuti munthu samuphikira sadaka wopanda manda. Iwo akuti ndine wouma mutu ngati mlongo wawo, ndiye kuti inuyo. Mwina akunena zoona. Koma ndikavomera mpunga umenewo, ndiye kuti ndamuika m'manda ndi manja anga, pamene mwina ali pena pake, wamanyazi chabe, akuopa kudutsa pa mpopi paja anthu anamuseka.

Ba Sikazwe nawonso atopa nane. Chitseko cha sitovu anachipachika mu ofesi mwawo, makasitomala akumachiloza kuti tikufuna zotere, iwo n'kusowa wopanga. Ulendo wathawu anandiuza kuti, “Mayo, malungo ya bwanji yamene siyasila? Bantu bali pa geti, nizatenga wina.” Ndinagwada pa simenti ya mafuta ija, mwana kumsana, ndinapempha sabata ina. Anandipatsa, koma sanandiyang'ane kumaso.

N'chifukwa chake ndakulemberani. Konse kumene munthu wamoyo angafunse ndafunsako, kwatsala kwanuko. Amayi, kodi Asani wafika kumeneko? Ngati sanafike, inu mumadziwa kumulankhula kuposa ine. Mupezeni kumene wabisala, mumukoke khutu monga munkachitira, mumuuze kuti ntchito ikumudikira ku Kamwala, mkazi wake akumudikira, ndipo palibe amene akukumbukanso zoseka. Muuzeni afulumire, sabata ndi yaifupi.

Koma ngati ali nanu, ndilotseni, ngakhale kamodzi, kuti ndileke kuyang'ana manja a anthu m'misewu. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi. Akakuonetsani phukusi la nyuzipepala, musamukalipire. Ankafuna kuti mukaone katakongola. Kanakongoladi, Amayi, ine ndinaona ndi maso anga, kungoti inu simunalipo pa kanthawi kameneko. Mulandireni, mumuuze kuti wapanga bwino.

Mpaka mutandiyankha, mpunga wa amalume suphikidwa pakhomo pano. Lolemba ndibereka mwana, ndipitanso ku Kamwala, ndikanamenso kuti malungo ayamba kutsika.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Halima